Mwana Wobadwa ndi Phazi Lopindika

Tagwirani kumbuyo kwa chidendene chanu. Mwaumva mtsempha wolimbawo? Mwana akabadwa ndi phazi lopindika, mtsempha umenewu umakhala waufupi, nkumakoka chidendene. Si ufiti ayi, ndipo mayi sanalakwe.

Fulumirani naye kuchipatala chaboma ku Mulanje. Kuchokera pa Chinakanaka si kutali. Phazilo amaliwongola ndi chikhakha, kusintha sabata iliyonse. Kenaka ana ambiri amawadula mtsemphawo, kabala kake kakang'ono zedi. Musaope! Pakatha masabata 3 m'chikhakha, mtsempha umalumikizana wokha utatalika. Zikavuta amatumiza ku Beit CURE ku Blantyre.

Akachotsa chikhakha, mwana azivala nsapato zakuchipatala usana ndi usiku miyezi 3, kenaka pogona pokha mpaka zaka 4 kapena 5. Apa mpamene makolo ambiri amatopa, phazi nkupindikanso.