Kafukufuku wa tizilombo tosamva mankhwala: amafika bwanji m'buku la malangizo a chipatala?

Mu 1998 labotale ya Malawi-Liverpool-Wellcome pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amangochitchula kuti Gulupu, inayamba kuyeza magazi a odwala obwera atatentha thupi kwambiri n'kumasunga zotsatira zake chaka ndi chaka. Magaziwo amawathira m'botolo n'kuliika pamalo ofunda kuti ngati muli bakiteriya aswane. Akaswana amamuyesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akumupha ndi amene akumulephera.

Mu 2017 ofufuza motsogozedwa ndi Patrick Musicha anasindikiza m'magazini ya Lancet Infectious Diseases zimene zinapezeka m'mabotolo oposa 190,000 kuyambira 1998 mpaka 2016. Nkhani yabwino inali yakuti matenda a bakiteriya m'magazi anachepa, mwa zina chifukwa cha kubwera kwa ma ARV. Yoipa inali yakuti mabakiteriya oposa theka la omwe anapezeka sankamva mankhwala akale aja: amoxicillin kapena penicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, amene anthu amamudziwa kuti Bactrim. Ceftriaxone nayenso, jakisoni amene mawodi ambiri amamudalira, anali atayamba kugonja. Mu 2003 Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone ankapezeka ka 12 pa 100 kalikonse, koma pofika 2016 anapitirira ka 90. Kwa E. coli chiwerengero chinachoka pa chosakwana 1 kufika pa 30. Mwana wakhanda amene wagwidwa ndi Klebsiella wotereyu amafunika mankhwala monga meropenem kapena amikacin, omwe sapezeka kawirikawiri m'zipatala zapaboma.

Manambala oterewa paokha sasintha zimene dokotala amalemba m'buku la wodwala. Pakati pa labotale ndi buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala, lija lotchedwa MSTG, pali ntchito ina yaikulu imene kawirikawiri sioneka: kusankha funso loti lifufuzidwe, kupeza chilolezo, kusamala ndalama ndi manambala, ndiponso kufikitsa yankho kwa anthu amene ali ndi mphamvu zosintha ndondomeko.

Choyamba n'chakuti funso abwera nalo ndani. Wofufuza akhoza kufuna kudziwa mtundu wa majini umene ukuchititsa bakiteriya kusamva mankhwala, ndipo limenelo ndi funso labwino. Koma a ku Unduna wa Zaumoyo amafuna kudziwa zina: mwana wakhanda wotentha thupi ayambe ndi jakisoni uti, mankhwala atsopano adya ndalama zingati, nanga a Central Medical Stores Trust angathe kuwagula osadukiza? Kafukufuku amene wakonzedwa popanda kuwafunsa anthu amenewa amatha kusindikizidwa m'magazini yotchuka koma osakhudza kalikonse muwodi. N'chifukwa chake oyendetsa bwino kafukufuku amakhala pansi ndi a ku Public Health Institute of Malawi, kumene kuli ofesi yogwirizanitsa ntchito zolimbana ndi vutoli, kalata yopempha ndalama isanalembedwe n'komwe. Dziko la Malawi linali ndi ndondomeko yake ya 2017 mpaka 2022, yotsatira dongosolo limene bungwe la WHO linavomereza mu 2015, ndipo ndondomekoyo inaika pamodzi zaumoyo wa anthu, ziweto ndi chilengedwe.

Chilolezo chimachokera ku COMREC, komiti ya pasukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, kapena ku NHSRC ya ku Unduna. Ena amaona ngati n'kuchedwetsa ntchito. Koma kafukufuku wa mtundu umenewu amapempha anthu chimbudzi chawo, amalowa m'makola a nkhuku, amafunsa mayi kuti makapisozi ali m'thumbawo anawagula kuti. Wogulitsa mankhwala pagolosale popanda chilolezo sanganene zoona ngati akuopa kuti dzina lake likafika ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Chinsinsi chikapanda kusungidwa, manambala amatuluka abodza.

Vuto lalikulu koposa ndi la kumene manambala akuchokera. Gulupu ndi chipatala chachikulu cholandira odwala otumizidwa kuchokera kwina, ambiri mwa iwo atamwa kale mankhwala amene sanawathandize. Bakiteriya wopezeka mwa wodwala amene wagona muwodi sabata ziwiri sangafanane ndi wa mwana wachibayo amene wafika kuchipatala cha m'mudzi ku Chitipa. Amene angatenge chiwerengero cha 90 chija n'kunena kuti ceftriaxone watha ntchito m'dziko lonse walakwitsa, ndipo akhoza kuchititsa boma kugula mankhwala odula pamene otchipa akadagwirabe. Amene anganene kuti vutoli ndi la ku Blantyre kokha walakwitsanso. Zipatala zambiri zapaboma sizikhala ndi zipangizo zoyezera magazi motere nthawi zonse, choncho kusowa kwa manambala kumeneko sikutanthauza kuti kulibe vuto. Thandizo la Fleming Fund ya ku Britain linapita kukakonza malabotale pa chifukwa chimenechi. Komatu labotale imadya ndalama tsiku ndi tsiku: mabotolo, magetsi, wogwira ntchito wophunzitsidwa. Ndalama za kafukufuku zimabwera za zaka zitatu kapena zisanu, pamene phindu la manambala a ku Gulupu lagona pa mfundo yakuti sanadukize kwa zaka pafupifupi 20.

Nkhani ya taifodi ikusonyeza mmene zimakhalira zinthu zikayenda. Kuyambira 1998 mpaka 2010 ku Gulupu kunkapezeka odwala taifodi pafupifupi 14 pachaka. Kuyambira 2011 chiwerengero chinakwera mofulumira, mpaka mu 2014 chinafika pa 782, ndipo wochititsa anali mtundu wa Salmonella Typhi wosamva mankhwala atatu akale aja. Popanda labotale, ana amenewa akanangolembedwa kuti ndi malungo kapena kutentha thupi kosadziwika. Manambalawo anachititsa kuti Blantyre asankhidwe kukhala malo oyesera katemera watsopano. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku wa TyVAC, ndipo katemerayo anachepetsa taifodi ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Mu Meyi 2023 boma linapereka katemerayu m'dziko lonse kwa ana osakwana zaka 15, kenako n'kumuika pandandanda wa akatemera a kusikelo. Kuchokera pamene vuto linaoneka mpaka katemera kufika m'mudzi panadutsa zaka 12. Kumeneku n'kuchedwa kwa makolo amene anataya ana, koma m'nkhani za ndondomeko kumawerengedwa ngati kufulumira. Chinathandiza n'chakuti yankho linali lomveka, njira yoperekera katemera inalipo kale, ndipo bungwe la Gavi linali lokonzeka kuthandiza ndi ndalama.

Si kafukufuku yense amene amafunika kudikira Lilongwe. Ku Gulupu komweko, gulu la Rebecca Lester linapeza kuti m'mawodi a akuluakulu, pa mankhwala opha bakiteriya 100 alionse olembedwa, 80 anali a gulu la ceftriaxone. Anakonza malangizo a pachipatala pomwepo mogwirizana ndi zotsatira za labotale, anawaika m'mafoni a madokotala, n'kumayendera mawodi kukaona ngati wodwala akufunikabe jakisoni. Chiwerengero chinatsika kufika pa 54, imfa sizinachuluke, ndipo anawerengera kuti chipatala chingapulumutse ndalama pafupifupi madola 15,000 pachaka. Panalibe mankhwala atsopano kapena makina odula amene anagulidwa.

Kunja kwa chipatala nkhani imavuta kwambiri. Kafukufuku wa DRUM, amene anachitika ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa komanso ku Uganda, anapeza mabakiteriya osamva mankhwala m'matumbo a anthu athanzi, m'ziweto, m'ngalande ndi m'mitsinje, ndipo ankachuluka m'nyengo yamvula. Apa yankho lake ndi madzi aukhondo ndi zimbudzi, zomwe bajeti yake inali m'maunduna ena ndi m'makhonsolo. Ofufuza za chikhalidwe ku Chikwawa anasonyezanso kuti anthu ogula makapisozi ochepa pagolosale sachita zimenezi chifukwa cha umbuli ayi. Chipatala chili kutali, mwina akafika apeza mankhwala atha, ndipo tsiku limodzi losapita kuganyu ndi njala pakhomo. Ndondomeko yongoti "phunzitsani anthu" siingathetse zimenezi, ndipo yongoletsa kugulitsa ikhoza kusiya mwana wachibayo wopanda mankhwala alionse.

Kafukufuku wapadziko lonse anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa Sahara ndicho chinakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Mu 2024 mayiko a United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 mankhwala opha bakiteriya 70 pa 100 alionse ogwiritsidwa ntchito akhale a gulu limene WHO imalitcha Access, mmene muli amoxicillin ndi cotrimoxazole. Ceftriaxone, ciprofloxacin ndi azithromycin ali m'gulu la Watch, lofunika kusamala nalo.

Kuti Malawi adziwe pamene ali pa mlingo umenewu, ofufuza amadalira kaundula wa pachipatala chaching'ono ndi wa mlangizi wa zaumoyo. Mzere umene walembedwa dzina la mankhwala popanda matenda ake, kapena mwana amene wapatsidwa amoxicillin popanda kulemba kuti amapuma kangati pamphindi, sungathandize kudziwa ngati mankhwalawo anafunikadi. Chimodzimodzi mwezi umene mankhwala anatha: zikapanda kulembedwa, wowerenga ku likulu amaganiza kuti azaumoyo achepetsa kupereka mankhwala, pamene zoona zake n'zakuti shelefu inali yopanda kanthu. Ndipo botolo la magazi liyenera kutengedwa jakisoni woyamba asanabayidwe, chifukwa akatengedwa pambuyo pake bakiteriya akhoza osamera, n'kulembedwa kuti munalibe kanthu.