Zimene amafunsa pa intavyu ya ntchito za makompyuta ndi za kubanki

Si onse otsiriza maphunziro pasukulu yathu ino amene amakhalira khasu lokha. Ena amaphunziranso za makompyuta, ndipo amaitanidwa ku intavyu ndi mabanki, makampani ogulitsa mbewu ndi feteleza, kapena mabungwe obwereketsa ndalama kwa alimi. Ntchito zoterezi zayandikira kumunda: mayina a olandira zipangizo za FISP amasungidwa m'makompyuta a ZIAMIS, ndipo ndalama za zokolola zimadutsa kubanki kapena pafoni. Ofunsa mafunso safuna kwenikweni kumva mawu oloweza pamtima. Amakupatsani vuto, n'kumayang'ana mmene mukuliyambira.

Pa za kulemba mapulogalamu, funso limakhala laling'ono. Angakupatseni mndandanda wa kulemera kwa matumba a chimanga, nati: lembani pulogalamu yopeza kulemera kwa matumba onse pamodzi, avereji yake, ndi matumba osakwana makilogalamu 50. Musathamangire kulemba. Bwerezani funsolo m'mawu anu, kenaka funsani chimene pulogalamu ichite ngati mndandanda ulibe kanthu, pakuti pamenepo kupeza avereji ndiko kugawa ndi ziro, ndipo pulogalamu imaima. Polemba, lankhulani zimene mukuganiza. Wolemba mwakachetechete akalakwitsa amatsala wopanda chomuikira kumbuyo, koma wofotokoza njira yake amapezako mamalikisi ngakhale ataiwala chizindikiro chimodzi. Sankhani chinenero chimodzi, kaya Python kaya Java, ndipo yeserani kulemba papepala, chifukwa m'chipinda cha intavyu kompyuta siipezeka nthawi zonse.

Pa database ndi pamene inu muli ndi mwayi woposa anzanu a m'tauni. Buku la munda limene timakukakamizani kulemba, la tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, feteleza ndi zokolola, ndi database ya papepala. Tsamba ndilo tebulo, mzere uliwonse ndi nkhani ya chinthu chimodzi. Akafunsa tanthauzo la primary key, ganizirani kaundula wa kopaletivu. Kuno kummawa a Banda ndi a Phiri ndi ochuluka, ndipo awiri angafanane maina onse. Choncho membala aliyense amapatsidwa nambala yakeyake yosabwerezedwa, ndipo nambalayo ndiyo primary key. Tebulo la ngongole silibwerezanso dzina ndi mudzi wa munthu, limangosunga nambala ija, ndipo kumeneko imatchedwa foreign key. Lamulo la JOIN m'chinenero cha SQL limalumikiza matebulo awiriwo kuti tione amene sanabweze ngongole, pamene GROUP BY imaphatikiza ngongole za mudzi uliwonse. Wofotokoza motere amaonetsa kuti wamvetsa chifukwa chake zinthu zinakonzedwa choncho, ndipo ndicho chimene wofunsa amafuna kumva.

Mabanki amakonda funso lina: ndalama zachoka mu akaunti ya wogula, ndipo magetsi azima zisanalowe mu akaunti ya mlimi; chichitike n'chiyani? Yankho lagona pa chimene amachitcha transaction. Masitepe awiriwo amawerengedwa ngati amodzi. Achitike onse, apo ayi database ibwezeretse zonse mmene zinalili poyamba. Palibe malo apakati pamene ndalama zingasowere.

Za netiweki tizidutsa mwachidule, pakuti njira yake ndi yomwe timatsata pampu yothirira ikaleka kutulutsa madzi: kuyambira kugwero. Akati kompyuta ya padepoti siikulumikizana ndi likulu, yambani ndi magetsi ndi chingwe. Kenaka onani ngati ili ndi IP address, yesani ping ku router, ndiyeno ping ku adiresi ya kunja monga 8.8.8.8. Ngati manambala akuyankha koma dzina la webusaiti likukana, vuto lili pa DNS, imene imasandutsa maina kukhala manambala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amayamba ndi kunena kuti afufuta zonse za m'kompyuta n'kuikamo zatsopano wagwa kale.

Kubanki yembekezeraninso masamu ndi mafunso oyesa kukhulupirika. Ngongole ya K5,000 ya chiwongola dzanja wamba cha 24 peresenti pachaka imabala K600 m'miyezi 6, ndipo muyenera kutha kuwerengera zimenezi popanda foni. Dziwani kuti mabanki amayang'aniridwa ndi Bank of Zambia, ndi chifukwa chake amafuna NRC potsegula akaunti. Angafunsenso chimene mungachite mbale wanu atakupemphani kuti mumuonere ndalama za m'akaunti ya mkazi wake. Kanani mosazungulira. Chinsinsi cha kasitomala sichiululidwa, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021 loteteza mbiri za anthu.

Yatsala nkhani ya Sabata, imene ambiri amaopa kuitchula. Nthambi zina za mabanki zimatsegula Loweruka m'mawa, ndipo ntchito yokonza makina ikuluikulu kawirikawiri imaikidwa kumapeto kwa mlungu, pamene makasitomala achepa. Ena amalangiza kuti mukhale chete mpaka mutalembedwa. Ife sitigwirizana nazo, chifukwa bwana amene wadziwa mochedwa amaona ngati munamubisira dala. Akafunsa za masiku ogwira ntchito, nenani momveka kuti kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu kufikira kulowa kwa dzuwa Loweruka simugwira ntchito, ndipo pomwepo perekani cholowa m'malo: Loweruka usiku, Lamlungu lonse, ndi masiku a tchuthi amene anzanu amafuna kupuma. Pantchito za makina zimenezi zili ndi mtengo, pakuti Lamlungu pamafunikanso munthu woyang'anira. Akapanda kufunsa, itchuleni nokha musanasaine kalata ya ntchito, ndipo pemphani kuti mgwirizanowo ulembedwe. Si onse adzavomera, ndipo n'zotheka kutaya mwayiwo pa chifukwa chimenechi chokha. Ngati intavyu yeniyeniyo yaikidwa pa Sabata, lembani kalata yopempha tsiku lina tsiku lomwelo limene mwalandira uthenga, ndipo tchulanimo masiku awiri amene mungathe kufika.