Tatuu imalowa m'kati mwa khoma

Amene anakulira m'nyumba ya mdindo amadziwa kuti maluwa ojambula pakhoma sakhalitsa. Mvula imawakukuta, amayi akaziranso n'kufufutikiratu. Koma khala limene linalowa m'dothi podinda khomalo silichoka, ngakhale muzire kangati.

Khungu nalo lili choncho. Gawo lapamwamba, limene madokotala amati epidermis, limafunduka pang'onopang'ono n'kudzizira lokha pafupifupi mwezi uliwonse, n'chifukwa chake cholemba ndi bolopeni sichichedwa kutha. Pansi pake ndiye pali khoma lenileni, dermis, modzaza timitsempha ta magazi ndi ta ululu. Singano ya tatuu imalowa milimita 1 kapena 2 kuti ikasiye inki mmenemo, ndipo makina amagetsi, amene Samuel O'Reilly analembetsa ku New York mu 1891, amabaya kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mphini za agogo athu zinkatsata njira yomweyi: kutema ndi lumo, n'kutikitiramo mwaye.

Tisanamizane, tatuu ndi bala. Kufiira, kutupa, kuchucha timadzi, nkhanambo ndi kuyabwa kwa milungu iwiri mpaka inayi ndi thupi likudzipoletsa. Chogometsa n'chimene chimachitikira inkiyo. Maselo oteteza thupi otchedwa macrophage amathamangira pabalapo n'kuimeza, poiyesa mdani. Timibulu take timawakanika kugaya, ndiye amangokhala nato pomwepo. Akafa amatitaya, anzawo n'kutitolanso, ndipo izi akatswiri a ku Marseille anazionetsa pa mbewa mu 2018. Choncho chithunzi chimene mukuchiona pamkono wa mnzanu ndi ntchito yosesa imene thupi silinaimalize. Timibulu tating'ono kwambiri timakokoloka n'kukaunjikana m'khwapa kapena m'mphechepeche, muja mumatupa mwanabere. Dzuwa nalo limazimiriritsa tatuu.

Khoma lobooka limalowa chiswe. Singano yobwerezera anthu ikhoza kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Inki yofiira ndiyo imawenga anthu kwambiri, ndipo mu 2022 European Union inakhwimitsa malamulo pa mankhwala oposa 4,000 opezeka mu inki za tatuu. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'choti achinyamata ambiri sauzidwa za chipsera chotukumuka chija, keloid, chomwe chimakonda kwambiri khungu lakuda. Ngati khutu lanu linatupa chotero mutaboola, tatuu ilekeni.

Kufufuta n'kovutirapo. Makina a laser amaswa timibulu tija kuti thupi litichotse, koma mumapitako maulendo ambiri, ndalama n'zochuluka, ndipo pakhungu lakuda pamatha kutsala mawanga oyera.

Ngati mwatsimikiza mtima, onetsetsani kuti singano yatsegulidwa m'paketi inu mukuona, wojambulayo wavala magolovesi, ndipo nkhanambo musaikande mpaka itagwa yokha.