MATENDA A KUNJENJEMERA: SI MOWA, SI UFITI

Bambo wina wa zaka 63 amene amasoka zovala ku Chipata anayamba kuona kuti dzanja lao lamanja likunjenjemera akakhala cabe pa mpando, koma akagwira sizasi linali kuleka. Patapita miyezi, kulowetsa ulusi pa singano kunayamba kuwatengera nthawi, ndipo manambala amene anali kulemba m'buku la miyezo anayamba kucepa kufikira iwo eni analephera kuwawerenga. Makasitomala ena anati mkuluyo wayamba kacasu. Abale kumudzi anati walodzedwa, ndipo mbuzi ziwiri zinapita kwa ng'anga. Dzanja linapitirizabe kunjenjemera.

Ku cipatala, dokotala anawauza kuti ayende uku ndi uku m'cipinda, atambasule zala, alembe dzina lao. Anaona kuti dzanja lamanja siligwedezeka poyenda, mapazi akukhwekhwereza ndipo nkhope yauma ngati ya munthu wokwiya. Anati ndi matenda a Parkinson.

Dzinali ndi la dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anawafotokoza mu 1817. Mkati mwa ubongo muli tizigawo timene timapanga dopamine, madzi amene amathandiza thupi kuyenda bwino. Tizigawoti tikayamba kufa, dopamine imacepa ndipo thupi limayamba kuuma ndi kucedwa pa ciliconse. Ambiri amadwala atapitirira zaka 60, ngakhale ena amayamba akali acicepere. Bungwe la World Health Organisation linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi matendawa. Katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anapezeka nao mu 1984, nakhala nao kufikira imfa yake mu 2016.

Matendawa sapatsirana. Palibe cifukwa copatulira mbale kapena kapu ya wodwala. Cimene cimamvetsa cisoni n'cakuti m'midzi ina nkhalamba yonjenjemera, yolankhula motsitsa mau ndi ya nkhope youma ndiyo imalozedwa zala pakacitika maliro, pamene iyo ikungofuna cithandizo.

Mankhwala ocizirathu kulibe, koma ocepetsa mabvuto alipo. Amphamvu ndi levodopa, amene kawirikawiri amasakanizidwa ndi carbidopa. Amagwira bwino akamwedwa mphindi 30 munthu asanadye, cifukwa ndiwo monga nyama, mazira, nyemba ndi kapenta zimalimbana nao m'matumbo. Ena amapatsidwa benzhexol, koma kwa okalamba mankhwalawa akhoza kusokoneza mutu ndi kubvutitsa pokodza. Kuleka levodopa mwadzidzidzi n'koopsa, conco ndi bwino kupita kukatenga ena akali otsala a sabata imodzi kapena ziwiri. Wodwala azionetsanso dokotala mankhwala onse amene akumwa, pakuti ena a misala monga haloperidol ndi ena oletsa kusanza monga metoclopramide amabweretsa zizindikiro zofanana. Amene matenda ao abvuta amatumizidwa ku UTH ku Lusaka, kumene maphunziro a madokotala a ubongo ndi mitsempha anayamba mu 2018.

Nchito yaikulu ili panyumba. Akazi a telala uja anacotsa mphasa ndi timipando m'njira ya ku khomo kuti amuna ao asapunthwe. Mapazi akamamatira pansi, monga zimacitikira pa citseko, sawakoka dzanja; amawerenga nao limodzi mokweza, imodzi, ziwiri, kufikira phazi litanyamuka. Kudzimbidwa akulimbana nako ndi madzi ambiri, mapapaya ndi ndiwo zamasamba. Cobvuta koposa cinali manyazi. Mkuluyo analeka kupita ku chalichi poopa kutaya kapu ya tiyi pamaso pa anthu, ndipo anayamba kukhala cete tsiku lonse. Kukhumudwa kotere ndi mbali ya matendawa, ndipo nako kuyenera kunenedwa ku cipatala.

Pa mzere wa ku kiliniki anakumana ndi mai wina wa ku Katete wodwala cimodzimodzi, amene anawauza kuti iye amaikira madzi theka cabe m'kapu ndipo amaphika m'mawa mankhwala akangoyamba kugwira. Tsopano telalayo amadula nsalu patapita ola limodzi atamwa mankhwala, pamene dzanja lakhazikika. Ulusi amawalowetsera pa singano ndi mdzukulu wao asanapite ku sukulu, masingano asanu nthawi imodzi.