Maulendo a kanthawi a amishonale amapindula eni dera akatsogolera

Chaka ndi chaka, makamaka m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti pamene sukulu za ku America ndi ku Ulaya zimakhala patchuthi, pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe komanso la ku Chileka ku Blantyre pamatsika magulu a akhristu ovala malaya ofanana, atanyamula zikwama zodzaza ndi mabaibulo, mankhwala, mipira ndi zolembera.

Anthuwa, omwe ambiri amangowatcha amishonale, sabwera kudzakhazikika m'dziko muno monga ankachitira amishonale akale. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi, anamwino, amisiri, ana asukulu ndi akulu ampingo omwe amadzisonkhera okha ndalama zoyendera, ndipo amakhala sabata imodzi kapena ziwiri zokha n'kubwerera kwawo.

Funso lomwe lakhala likuzunguza atsogoleri a mipingo, kuno komanso m'maiko omwe alendowa amachokera, ndi lakuti kodi ulendo wa masiku owerengeka ungathandizedi mpingo kukula, nanga ndalama zankhaninkhani zomwe zimathera pa matikiti a ndege sizingagwire ntchito yaikulu koposa zitangotumizidwa kwa eni dera?

Mchitidwe wa maulendo oterewa unayamba kukula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene kuyenda pandege kunayamba kutsika mtengo. M'chaka cha 1957, mnyamata wina wa ku America dzina lake George Verwer anapita ku Mexico pamodzi ndi anzake awiri patchuthi cha sukulu kukagawa mabuku a Uthenga Wabwino, ndipo ulendowo ndiwo unabala bungwe lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Operation Mobilisation.

Patangopita zaka zitatu, mu 1960, Loren Cunningham anakhazikitsa bungwe la Youth With A Mission pofuna kupereka mwayi kwa achinyamata oti akatumikire m'maiko ena kwa kanthawi, popanda kuyamba aphunzira zaubusa kwa zaka zambiri.

Malinga ndi kafukufuku wa katswiri woona za chikhalidwe cha anthu pasukulu ya ukachenjede ya Princeton, Robert Wuthnow, pofika m'ma 2005 akhristu a ku America pafupifupi 1.6 miliyoni ankapita pamaulendo oterewa chaka chilichonse. Maiko omwe ankalandira alendo ochuluka anali oyandikana ndi dzikolo monga Mexico, koma maiko a mu Africa nawo ankalandira magulu ambiri.

Ntchito zomwe maguluwa amagwira akafika zimafanana pafupifupi kulikonse. Ena amathandiza kumanga kapena kufolera tchalitchi, nyumba ya mbusa kapena chipinda chophunziriramo, ena amaphunzitsa ana nyimbo ndi nkhani za m'Baibulo, ena amachititsa maphunziro a abusa ndi akulu ampingo, pomwe madokotala ndi anamwino amatumikira m'zipatala za mishoni.

Palinso magulu omwe amachititsa misonkhano ya chitsitsimutso kapena kuonetsa kanema wa moyo wa Yesu usiku pabwalo la mudzi, kenako m'mawa mwake n'kuyenda khomo ndi khomo limodzi ndi omasulira.

Phindu la maulendowa si lokayikitsa. Mpingo wa kumudzi womwe unaumba njerwa n'kumanga khoma, koma n'kukhala zaka osapeza ndalama za malata, umatha kuona denga likukwera m'masiku ochepa. Msonkhano womwe kwabwera alendo umakopa anthu ambiri, ndipo mlendo akabwerera kwawo amakafotokozera anzake za mpingo womwe anauona ndi maso, zomwe nthawi zina zimatsegula khomo la thandizo la zaka zambiri. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Komabe akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu omwe amakweza manja pamsonkhano wa chitsitsimutso amafunika wowayendera, wowaphunzitsa m'kalasi yokonzekera ubatizo komanso wowakhalira pafupi pamatenda ndi pamaliro. Ntchito imeneyi imatenga miyezi kapena zaka, ndipo oigwira ndi mbusa, mlaliki, akulu ampingo ndi amayi a Mvano a pamalopo. Ngati anthu amenewa sanakonzekeretsedwe, chiwerengero cha otembenuka mtima chomwe alendo amakalengeza kwawo sichioneka m'tchalitchi Lamulungu lotsatira.

Nkhani ya ndalama nayo ndi yaikulu. Mphepo ya mkuntho yotchedwa Mitch itasakaza dziko la Honduras mu 1998, magulu ambiri a akhristu a ku America ndi ku Canada anapita kukathandiza kumanga nyumba za anthu omwe anasowa pokhala. Katswiri wina wa pasukulu ya Calvin College, Kurt Ver Beek, anachita kafukufuku pa ntchitoyi ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006.

Iye anapeza kuti gulu la alendo linkawononga ndalama zoposa madola 30,000 a ku America pa nyumba imodzi, poonkhetsa ndi zoyendera, pamene bungwe la chikhristu la m'dzikomo linkamanga nyumba yonga yomweyo ndi madola 2,000 okha. Anapezanso kuti panalibe kusiyana kwenikweni pa miyoyo ya mabanja omwe anamangiridwa ndi alendo ndi omwe anamangiridwa ndi eni dziko.

Mu 2009 akatswiri ena awiri a ku America, Steve Corbett ndi Brian Fikkert, analemba buku lotchedwa When Helping Hurts, momwe anachenjeza mipingo ya kwawo kuti kuchitira anthu ntchito yomwe angathe kuigwira okha kumafooketsa anthuwo. Chitsanzo chake n'chosavuta kumva ngakhale kuno kwathu: alendo khumi akabwera kudzapaka penti tchalitchi, mmisiri wa pamudzipo wataya ganyu, ndipo akhristu amayamba kuganiza kuti kukonza nyumba yawo yopemphereramo ndi udindo wa anthu akunja.

Mbiri ya mpingo m'dziko muno ikusonyeza kuti kukula kwa mpingo sikudzera m'changu. Amishonale a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, patapita zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Dr Robert Laws, yemwe anatsogolera mishoni ya Livingstonia, anakhala m'dziko muno zaka zoposa 50.

Ngakhale zinali choncho, khomo lolowera kwa Angoni a kumpoto linatsegulidwa ndi mlaliki wa chiXhosa, William Koyi, yemwe anachokera ku Lovedale m'dziko la South Africa mu 1876. Iye ankamvana chinenero ndi Angoniwo ndipo anakhala pakati pawo mpaka imfa yake mu 1886.

Amalawi nawo akhala akuyenda maulendo a utumiki kunja kwa dziko lino kuyambira kale. Mu 1904 gulu la ophunzira a ku Livingstonia linapita kwa kanthawi kukalalikira pakati pa Abemba m'dera la Chinsali, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Mmodzi mwa ophunzirawo, David Kaunda, anabwererako chaka chotsatira n'kukakhazikika, ndipo ntchito yake ndiyo inakhala maziko a mishoni ya Lubwa. Kumeneko n'komwe kunabadwira mwana wake, Kenneth Kaunda, yemwe anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia.

Ulendo wa kanthawi wa ophunzirawo unabala zipatso kaamba koti panapezeka munthu wobwerera kukakhala ndi anthuwo, kuphunzira chinenero chawo ndi kutsegula sukulu.

Ku Zimbabwe nako, mpingo wa CCAP unamera kuchokera mwa anthu a m'dziko muno omwe anapita kukagwira ntchito m'migodi, m'minda ndi m'matauni. Iwowa ankasonkhana okha kupemphera ndipo ndiwo anapempha kuti awatumizire mbusa. Mpingo wawo unakula mpaka kukhala sinodi ya Harare, yomwe inalowa mu CCAP mu 1965.

Lero dziko la Malawi si dziko loti Uthenga Wabwino ukufika kumene. Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 77 mwa anthu 100 alionse ndi akhristu, ndipo mwa anthu 100 omwewo 17 ndi Akatolika pomwe 14 ndi a CCAP. Mlendo wa sabata ziwiri amapeza mpingo womwe uli ndi abusa ake, sukulu zake zophunzitsa zaubusa, Baibulo m'chinenero chake komanso ndondomeko zake. Chomwe mpingo wotere umasowa kawirikawiri ndi zipangizo ndi mnzake woyenda naye, osati wodzauyambitsira ntchito.

Imodzi mwa njira zomwe mipingo yatsata pofuna kuti maulendowa akhale aphindu ndi ubale wokhalitsa. Mu 1991 sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP inapalana ubale ndi presibitale ya Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Paubalewu mipingo ya mbali ziwirizi inaphatikizidwa iwiriiwiri, ndipo maulendo akhala akuchitika mbali zonse: a ku Pittsburgh kubwera kuno, Amalawi nawo kupita kukalalikira ndi kugona m'makomo a anzawo kumeneko.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti ulendo uliwonse umapitiriza pomwe unzake unalekera. Alendo amafika kwa anthu omwe akuwadziwa kale maina, ntchito yoti igwiridwe imakhala yokambirana, ndipo yemwe walandira lero ndiye adzakhale mlendo mawa.

Maubale ofanana ndi amenewa alipo pakati pa mipingo, sukulu ndi zipatala za kuno ndi za ku Scotland. Iwo analimbikitsidwa ndi pangano la mgwirizano lomwe mtsogoleri wakale wa dziko lino, malemu Bingu wa Mutharika, anasainirana ndi yemwe anali nduna yaikulu ya Scotland, Jack McConnell, mu Novembala 2005.

Koma kuyenderana kwa mbali ziwiri kuli ndi zopinga zake. Kupatula kukwera mtengo kwa matikiti, Amalawi amavutika kupeza chilolezo cholowera m'maiko a azungu. Mu Ogasiti 2025 boma la America linalamula kuti nzika za Malawi ndi Zambia zofuna chilolezo chokacheza m'dzikolo ziyambe zapereka chikole cha ndalama chofika mpaka madola 15,000, ndalama zomwe ndi zosafikirika kwa mlaliki kapena mayi wa Mvano wamba.

Mbali inanso yomwe mipingo yolandira alendo iyenera kusamala ndi malamulo a dziko. Dokotala wochokera kunja ayenera kulembetsa ku bungwe la Medical Council of Malawi asanayambe kuona odwala, ndipo anamwino ndi azamba amalembetsa ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Izi zimateteza odwala, popeza zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi.

Ana nawo amafunika chitetezo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana lomwe linakhazikitsidwa mu 2010 limagwira ntchito kwa aliyense, mlendo kapena nzika, ndipo n'kofunika kuti alendo asasiyidwe okha ndi ana kapena kuwajambula zithunzi popanda chilolezo cha makolo.

Zonsezi zikusonyeza kuti phindu la ulendo wa kanthawi limadalira zomwe zachitika alendo asanakwere ndege ndi zomwe zichitike akachoka. Mpingo wolandira ndiwo uyenera kuitana ndi kutchula chosowa chake, amisiri a m'deralo alembedwe ntchito, zipangizo zigulidwe m'masitolo a pafupi, ndipo pakhale anthu osankhidwiratu oti adzayendere omwe atembenuka mtima.

Alendo akabwerera kwawo ndi zithunzi ndi nkhani zokafotokoza, mlaliki wa pamalopo amapalasa njinga yake Lamulungu m'mawa kupita kunthambi ya mpingo komwe kwangofoleredwa kumene. Ngati anali nawo pokonza ulendowo kuyambira pachiyambi, amakhala ali ndi maina a anthu oti awayendere komanso akudziwa tsiku lomwe kalasi iyambe.