Aluso ena akudyera chigaza cha munthu

Kwa anthu ambiri, chithunzi cha chigaza cha munthu ndi chenjezo la ngozi. Chimapezeka pabotolo la mankhwala ophera mbozi m'munda komanso pampanda wa thiransifoma ya magetsi, ndipo ngakhale mwana amene sadayambe sukulu amadziwa kuti pamenepo sipoyenera kugwira.

Komatu m'mwezi wa June chaka cha 2007, anthu mumzinda wa London ankalowa m'magulumagulu m'kachipinda kamdima kukaona chigaza chomwe mwini wake ankachigulitsa pamtengo wa mapaundi 50 miliyoni.

Mwini katunduyo adali Damien Hirst, mmodzi mwa akatswiri a zaluso olemera kwambiri m'dziko la Britain. Mkuluyu adagula chigaza chenicheni cha munthu m'sitolo ina mumzindawo n'kuchipereka kwa amisiri a kampani yosula mphete ndi ndolo ya Bentley & Skinner. Amisiriwo adaumba chigaza china chofanana nacho ndendende pogwiritsa ntchito chitsulo chamtengo wapatali cha platinamu, kenaka adachikuta ndi miyala ya dayamondi yokwana 8,601. Pomaliza adazula mano a chigaza chenicheni chija n'kuwabzala m'kamwa mwa chatsopanocho.

Ntchito yonseyi akuti idadya mapaundi pafupifupi 14 miliyoni. Hirst adachitcha For the Love of God, mawu omwe Mngerezi amafuula akadabwa kapena akatopa nazo. Iye adati mawuwo adawatenga kwa mayi ake, omwe ankamufunsa kuti kodi chotsatira achitanso chiyani.

Zimene adachita Hirst ndi mtundu wa luso losakaniza zipangizo. Wosema ziboliboli amagwira mtengo kapena mwala basi, pomwe wojambula amadalira penti ndi nsalu. Koma waluso wosakaniza amatola chilichonse chomwe chamukomera, kaya ndi mikanda, nsanza, mawaya, mafupa ngakhale zitini, n'kuziphatikiza kuti zinene nkhani imodzi. Mwana amene amapanga galimoto ya mawaya n'kuikako matayala a zitsekerero za mabotolo ali panjira yomweyo.

Nanga n'chifukwa chiyani aluso otere amachikonda chigaza? Yankho lake n'lakuti chigaza sichiulula mwini wake. Mnofu ukatha, cha bwana ndi cha wantchito wake zimaoneka chimodzimodzi. Choncho uthenga wonse umachokera pa zinthu zomwe waluso wachiveka. Amene wachiveka dayamondi akukamba za chuma, amene wachiveka mapoto akukamba za njala.

Sizidayambe lero

Mchitidwe wokongoletsa zigaza ndi wakale kwambiri. M'chaka cha 1953, katswiri wofukula zinthu zakale Kathleen Kenyon adapeza zigaza zingapo mumzinda wa Jericho, uja umatchulidwa m'Baibulo. Zigazazo zakhala zaka pafupifupi 9,500. Anthu a nthawi imeneyo ankazidzaza ndi dothi, kuziumbira nkhope ya pulasitala, ndipo m'malo mwa maso ankaikamo zigoba za m'nyanja. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti iyi idali njira yolemekezera makolo awo.

Chimodzi mwa zigazazo chikusungidwa kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum ku London. Komweko kulinso chigaza china chochokera ku Mexico, cha nthawi ya ufumu wa anthu a mtundu wa Aztec, zaka zoposa 500 zapitazo. Ichi adachimata timiyala tobiriwira ndi takuda m'mizeremizere, m'kati mwake n'kuyalamo chikopa cha gwape. Hirst mwini wake adanena kuti maganizo a chigaza chake adawatenga pa zinthu zoterezi za ku Mexico.

Chigaza cha mapoto

Chaka chimodzi Hirst asadaonetse dayamondi wake, waluso wina wa ku India, Subodh Gupta, adali atapanga kale chigaza chake. Icho chidali chimphona, chotalika kuposa munthu wamkulu, cholemera pafupifupi tani imodzi, ndipo mudalibe fupa ngakhale limodzi. Gupta adawotcherera pamodzi mapoto, mbale, makapu, ndowa ndi zotengera chakudya zachitsulo, ziwiya zomwe zimapezeka m'khitchini ya banja lililonse kwawoko.

Adachitcha Very Hungry God, kutanthauza mulungu wanjala yadzaoneni, ndipo adayamba kuchionetsa m'chaka cha 2006 m'tchalitchi cha Saint-Bernard mumzinda wa Paris ku France. Tchalitchichi chili m'dera lomwe mumakhala anthu ambiri obwera kuchokera m'maiko ena. M'chaka cha 1996, apolisi adathyola chitseko chake n'kutulutsamo anthu a ku Africa opanda ziphaso omwe adathawiramo.

Gupta adafotokoza kuti chidamukhudza n'chakuti magulu ena opereka chakudya kwa osauka mumzindawo ankathira dala nyama ya nkhumba mumsuzi kuti Asilamu asadye nawo. Mapoto onse pachigazacho ndi opanda kanthu. Woona amayamba wazindikira poto wofanana ndi wa kunyumba kwake, ndipo akabwerera m'mbuyo pang'ono mpamene amaona kuti mapotowo apanga nkhope ya imfa.

Chodabwitsa n'chakuti chigaza chokamba za njalachi adachigula ndi François Pinault, mmodzi mwa mpondamatiki za ku France, yemwe m'chaka cha 2007 adakachiika kunja kwa nyumba yake yoonetseramo zaluso mumzinda wa Venice ku Italy.

Chigaza chotsekemera

Ku Mexico nkhani yake ndi ina. Pa 1 ndi 2 November chaka chilichonse, mabanja amachita mwambo wokumbukira akufa. Amakalambula kumanda, ndipo kunyumba amakonza tebulo pomwe amaikapo zithunzi za malemu, maluwa achikasu, makandulo ndi zakudya zomwe malemuwo ankakonda ali moyo.

Patebulo pomwepo sipalephera kukhala tizigaza toumbidwa ndi shuga. Amatikongoletsa ndi shuga wa mitundumitundu, mapepala onyezimira, mikanda ngakhalenso nthenga, ndipo pamphumi amalembapo dzina la malemu. Ena amalembapo dzina la mnzawo wamoyo n'kumupatsa ngati mphatso, ndipo wolandirayo sakwiya, amangoseka. Bungwe la UNESCO lidaika mwambowu pamndandanda wa miyambo yofunika kuisunga m'chaka cha 2008.

Kumenekonso n'komwe kudachokera chithunzi chotchuka cha chigaza chachikazi chovala chisoti chachikulu cha nthenga ndi maluwa. Adachijambula ndi José Guadalupe Posada pofuna kunyodola anthu omwe ankadzitukumula potengera mavalidwe a ku Ulaya, kuwakumbutsa kuti pansi pa chisoti pali fupa lomwelo. Posada adamwalira ali mmphawi m'chaka cha 1913, koma chithunzi chake, chomwe chimadziwika kuti Catrina, chimaoneka m'misewu ya dzikolo chaka ndi chaka.

Nanga mutuwo ngwa yani?

Shuga ndi mapoto sizivutitsa munthu. Mkangano umabuka waluso akagwiritsa ntchito chigaza chenicheni, chifukwa chimenecho chidali mutu wa mwana wa wina.

M'chaka cha 1997, Gabriel Orozco wa ku Mexico adagula chigaza m'sitolo ina ku New York n'kuchijambula timabokosi takuda ndi toyera ndi pensulo, ngati bolodi ya masewero a dirafuti. Adagwira ntchitoyo atangochira kumatenda a mapapo omwe adamugoneka m'chipatala.

Steven Cohen, mbadwa ya ku Johannesburg m'dziko la South Africa, adafika nazo patali. Naye adagula zigaza ziwiri m'sitolo ku New York, n'kuzimangirira kunsi kwa nsapato zazitali. Atavala suti, adayenda nazo m'misewu ya mzindawo, kuphatikizapo Wall Street komwe kuli msika waukulu wa ndalama. Ntchitoyi adaitcha Golgotha, dzina la m'Baibulo lotanthauza malo a chibade. Ambiri adanyansidwa nazo, koma Cohen ankafuna anthu adzifunse kuti cholakwika chachikulu n'chiti pakati pa kuponda chigaza ndi kuchigulitsa pashelefu ngati chidole.

Zigaza za m'masitolo otere zili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri dziko la India ndilo linkatumiza mafupa a anthu ochuluka kusukulu za udokotala za ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri mwa mafupawo adali a anthu osauka. Boma la India lidaletsa malondawa m'chaka cha 1985, koma zigaza zomwe zidatuluka kale zidapitiriza kugulitsidwa.

Ku Africa kuno bala lake ndi lakuya. Ajeremani adatenga mutu wa Mfumu Mkwawa ya Ahehe a ku Tanzania itamwalira m'chaka cha 1898, ndipo chigazacho chidabwerera kwawo m'chaka cha 1954. M'chaka cha 2011, chipatala cha Charité cha mumzinda wa Berlin chidabweza ku Namibia zigaza 20 za anthu a mitundu ya Herero ndi Nama, omwe adafa pankhanza za atsamunda pakati pa 1904 ndi 1908. Kwa abale a anthu otere, chigaza chili m'bokosi lagalasi ndi maliro omwe sadathe.

N'chifukwa chake maiko ena adaikapo malamulo. Ku England, lamulo la m'chaka cha 2004 limafuna chilolezo munthu asadaonetse pagulu thupi kapena mafupa a munthu amene sipadathe zaka 100 chimwalirireni. M'dziko muno namo nkhani ya mafupa siyoseweretsa. Kutsatira kuphedwa kwa anthu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo, Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa chilango cha wopezeka ndi ziwalo kapena mafupa a munthu m'chaka cha 2016. Wachinyamata amene wakopeka ndi lusoli ali ndi dongo, mapepala, mawaya ndi zitini zoti aumbire chigaza chake popanda kuyandikira kumanda.

Nanga chigaza cha dayamondi chija chidathera kuti? M'mwezi wa August chaka cha 2007 kudamveka kuti gulu lina la anthu achuma lachigula pamtengo wonse wa mapaundi 50 miliyoni, koma ambiri adakayika popeza Hirst yemweyo adali m'gululo. M'chaka cha 2022, mkuluyu adauza nyuzipepala ya New York Times kuti chigazacho chidakali chake pamodzi ndi anzake ena, ndipo chidali chotsekeredwa m'nyumba yosungiramo katundu ku London.

Akatswiri omwe adayeza chigaza chenicheni chija adapeza kuti mwini wake adali mwamuna wa zaka pafupifupi 35, yemwe adakhala ndi moyo nthawi ina pakati pa 1720 ndi 1810. Mano ake ayenda m'mizinda ya London, Amsterdam ndi ina, atazunguliridwa ndi alonda, koma palibe amene akudziwa dzina lake. Kachigaza ka shuga ka ku Mexico, komwe mwana amatha kugula ndi ndalama ya m'thumba, kamakhala ndi dzina pamphumi.