Timasingano tisanu m'khutu ndi tulo topezeka pafupi ndi kunyumba

Mumzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, muli chipatala chimene odwala amapitako n'kukagona tulo tofa nato masanasana, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Dzina lake ndi Working Class Acupuncture. Anachitsegula mu 2002 m'dera la Cully, kumene kumakhala anthu ambiri opeza movutikira. Mulibe mabedi a chipatala kapena makatani otchinga pakati pa odwala. Muli chipinda chimodzi chachikulu, nyale zosawala kwambiri, ndi mipando ya ndakhuta ndalema yoyalidwa nsalu.

Munthu akalowa amasankha yekha mpando, n'kuvula nsapato, kupinda malaya mpaka m'zigongono ndi thalauza mpaka m'mawondo. Wobaya masingano amafika atakhala pakampando ka mateyala, ndipo amayankhula monong'ona kuopa kudzutsa amene agona pafupi. Amafunsa mafunso awiri atatu, kenako n'kuyamba kubaya timasingano m'manja, m'miyendo ndi m'makutu. Pakangotha mphindi zochepa amakhala wapita kale kwa wina. Wobayidwayo amatsala atatsinzina, ndipo ambiri tulo timawaba.

Mwa njira zonse za chithandizo chimenechi, chomwe chimadziwika ndi dzina loti acupuncture, ya m'khutu ndiyo yafalikira kwambiri m'ndende, m'malo othandizira anthu osiya mankhwala ozunguza bongo ndi m'misasa ya anthu ogweredwa ngozi. Kachitidwe kake n'kosavuta. Amapukuta khutu ndi thonje la sipiriti, amatsegula paketi ya timasingano tatsopano wodwala akuona, n'kubaya malo asanu kukhutu lililonse, mongolowetsa nsonga mamilimita awiri kapena atatu. Malowo ali ndi mayina: Shen Men, Sympathetic, kenako malo atatu amene amati ndi a impso, a chiwindi ndi a mapapo. Munthu amamva kuluma pang'ono, nthawi zina khutu limatentha, basi. Amakhala chete kwa mphindi 30 mpaka 45, timasinganoto n'kuzulidwa ndi kutayidwa.

Pasakhale kusokoneza ndi mphini. Palibe lezala, palibe mankhwala opaka pabala, ndipo kasinganoko kalibe bowo ngati ka jakisoni, choncho palibe mankhwala alionse amene amalowa m'thupi. Amene amaopa kubayidwa amawamata kanjere ka chomera chotchedwa vaccaria ndi kapulasitala pamalo omwewo, kuti azikafinya ndi chala akamva mtima kuthamanga kapena akafuna kugona.

Mapu anajambulidwa ku France

Anthu ambiri amaganiza kuti zonsezi n'zamakedzana za ku China. Zoonadi, kubaya masingano m'thupi kunayambira kumeneko zaka zoposa 2,000 zapitazo. Koma mapu a khutu amene akugwiritsidwa ntchito masiku ano ndi aposachedwa, ndipo anajambulidwa ku Lyon, m'dziko la France. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Dr. Paul Nogier anaona odwala ena ali ndi chipsera chowotchedwa pakhutu. Atawafunsa, anamva kuti mayi wina wa ku Marseille, yemwe sanali dokotala, ankawotcha pamenepo pochiza ululu wa m'chiuno wotsikira kumwendo. A Nogier anachita nazo chidwi mpaka anafika poganiza kuti khutu lonse ndi chithunzi cha khanda lopindika m'mimba, mutu uli pansi: pamene amayi amaboola ndolo ndiye mutu, mzere wopindika wa m'kati ndiye msana. Mapu awo anasindikizidwa mu 1957, anafika ku China, ndipo kumeneko anawawonjezera mayina ena.

Nkhani inapindanso mu 1972 ku Hong Kong. Dr. H. L. Wen, dokotala wa maopaleshoni a ubongo pachipatala cha Kwong Wah, ankakonzekeretsa wodwala wina opaleshoni pomubaya masingano odutsa mphamvu yochepa ya magetsi. Wodwalayo ankasuta opium, ndipo ananena kuti chibaba chimene chinkamuzunza chazilala. A Wen anayesa kwa odwala ena, n'kulemba zimene anaona mu 1973. Nkhaniyo inawoloka nyanja n'kukafika kudera limene linkafunitsitsa thandizo lotere.

Chipinda cha ku Lincoln

South Bronx wa m'zaka za m'ma 1970 anali dera la umphawi mumzinda wa New York, lokhala makamaka anthu akuda ndi ochokera ku Puerto Rico. Heroin anali atasakaza achinyamata. Chipatala cha boma cha Lincoln chinali chakale ndi chonyansa moti anthu a m'deralo ankachitchula kuti butchala. Pa 10 November 1970, achinyamata a magulu a Young Lords ndi Black Panthers, pamodzi ndi ena ogwira ntchito zachipatala, analanda chipinda china pamalopo n'kulengeza kuti ayamba kuthandiza okha anthu ofuna kusiya heroin. Umu ndi mmene Lincoln Detox inabadwira.

Poyamba ankapereka methadone, koma ambiri mwa iwo sankakondwa kuti munthu asiye mankhwala ena n'kukodwa mwa ena. Atamva za a Wen anayamba kuyesa masingano. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Mutulu Shakur, bambo womupeza wa woimba Tupac Shakur, yemwe anakaphunzira lusoli ku Montreal. Moyo wa a Shakur unadzalowera kwina: anakhala m'ndende zaka zoposa 30 pa mlandu wokhudza kuberedwa kwa galimoto yonyamula ndalama mu 1981, pamene anthu anaphedwa, ndipo anamwalira mu 2023 atangotulutsidwa kumene. Mu 1978 akuluakulu a mzinda, Ed Koch ali meya, anachotsa magulu andalewo pachipatalapo. Ntchito ya masingano inapitirira motsogoleredwa ndi Dr. Michael Smith, dokotala wa matenda a maganizo. Magetsi aja anawasiya ataona kuti singano yokha ikuchita chimodzimodzi, malo obaya anakhazikika pa asanu, ndipo mu 1985 anakhazikitsa bungwe la NADA kuti liziphunzitsa ena.

Chimene chimandigwira mtima pa Lincoln ndi mmene chitseko chinalili. Munthu ankangolowa, osalembetsa tsiku. Sankamuumiriza kufotokoza mbiri yake, kuvula zovala, kapena kulonjeza kuti wasiyiratu. Amene wagona panja usiku wonse, thupi likunjenjemera, ankapatsidwa mpando pakati pa anzake, n'kukhala mwakachetechete. Ogwira ntchito anaona kuti ambiri ankanena zofanana: mtima wakhala m'malo, usiku ndagonako. Pachifukwa chimenechi njirayi inafalikira kunja kwa zipatala za mankhwala ozunguza bongo. Zigawenga zitagwetsa nyumba zosanja za World Trade Center mu 2001, chipatala cha St. Vincent's ku Manhattan chinkabaya m'makutu ogwira ntchito ndi anthu ena osokonezeka maganizo. Mphepo ya mkuntho ya Katrina itasakaza New Orleans mu 2005, kunabadwa bungwe la Acupuncturists Without Borders, lomwe limapita ndi timasingano tomweti kumalo a ngozi.

Nanga timagwiradi ntchito?

Apa m'pofunika kunena mosapsatira. Palibe umboni wakuti pakhutu pali malo olumikizana ndi chiwindi kapena impso monga mmene mapu aja amanenera. Chodziwika n'chakuti khutu lili ndi mitsempha yambiri, ndipo kudzenje la pafupi ndi bowo kumafika nthambi ya mtsempha wa vagus, umene umathandiza kuchepetsa kugunda kwa mtima thupi likamapuma. N'chifukwa chake anthu ena amatsokomola akamatokosa m'khutu. Kodi kukhudza nthambi imeneyi ndi singano n'kokwanira kukhazika mtima pansi? Ofufuza akulimbana nalobe funsoli.

Mu 2000, kafukufuku wa pa yunivesite ya Yale wokhudza anthu 82 ogwiritsa ntchito cocaine anasonyeza kuti obayidwa m'njira ya NADA anachita bwino kuposa anzawo. Anthu anasangalala. Koma mu 2002 magazini ya madokotala ya JAMA inatulutsa kafukufuku wamkulu wa anthu 620, ndipo zotsatira zake zinali zoziziritsa nkhongono. Obayidwa pamalo asanu aja, obayidwa pamalo ena a khutu ongoyerekezera, ndi amene ankangokhala phee akuonera mavidiyo otsitsimula maganizo, onse anachita mofanana. Pa nkhani ya tulo, bungwe la Cochrane linaunika mu 2012 kafukufuku 33 wa acupuncture ndipo linapeza kuti wambiri anachitidwa mosalongosoka, moti sangatsimikizire kapena kutsutsa kuti njirayi imathandiza.

Ena akawerenga zimenezi amati nkhani yatha, n'zabodza. Ine ndikuona kuti zotsatira za mu 2002 zija zikuloza kwina. Ngati wokhala chete popanda singano akupeza zofanana ndi wobayidwa, ndiye kuti tiyang'anitsitse kukhala cheteko. Munthu wopanikizika ndi ngongole, lendi ndi ntchito ziwiri, foni ikulira kosalekeza, amapeza kuti mphindi 45 zoti palibe amene akumufuna? Timasingano tili m'khutu sangadzuke kukatsuka mbale. Wina wamukhudza mwaulemu, wamufunsa mmene wagonera. Pambali pake pali anthu ena amene nawonso akupuma. Zimenezi si zachabe, ndipo munthu amene akunena kuti wagona bwino pambuyo pake sakunama. Kungoti mphamvuyo mwina ili m'chipindamo kuposa pansonga ya singano.

Mtunda ndi mtengo

Ngati zili choncho, funso lalikulu ndi lakuti chipindacho chili kuti ndipo cholowera ndi ndalama zingati. Lisa Rohleder, mmodzi mwa amene anayambitsa chipatala cha ku Cully chija, anaona kuti ku America acupuncture inasanduka ya anthu olemera: wodwala mmodzi m'chipinda chake, ola lathunthu, ndalama zambiri. Anthu a m'dera lake sakanakwanitsa, ndipo amene ayesa ankabwera kamodzi osabweranso. Chonsecho chithandizo chotere chimafuna kubwerezabwereza, kawiri kapena katatu pa sabata poyamba. Mayi Rohleder ndi anzawo anatengera nzeru ya ku Lincoln yoika anthu ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo anatsitsa mtengo kufika pakati pa madola 15 ndi 35, wodwala n'kumasankha yekha zoti alipire, osafunsidwa kuti amalandira zingati. Zipatala zina zinatengera, ndipo mu 2011 zinapanga mgwirizano wotchedwa POCA.

Mtengo ukatsika pamatsala mtunda. Munthu wosowa tulo amadzuka ali wolefuka kale, ndipo ulendo wa mabasi awiri kapena wosakasaka poimika galimoto amauchita kamodzi kenako n'kugwa ulesi. Koma chipinda chimene chili pa msewu womwe amadutsa popita kogula buledi, amalowamo ngakhale tsiku limene sanakonzekere. Akuluakulu a mzinda wa Portland akhala akulimbikitsa kuti dera lililonse likhale loti munthu apeze sitolo, sukulu, paki ndi zina zofunika atayenda wapansi mphindi zosaposa 20. Pakatikati pa mzindawo zimenezi zimatheka, chifukwa misewu yake ndi yoyandikana kwambiri. Chowawa n'chakuti ku Cully, kumene kuli anthu ofunikiradi chipinda chotsika mtengo, misewu yambiri ilibe njira za oyenda pansi, ndipo ina ndi yafumbi. Agogo oyendera ndodo amene akuona chipatala chili chapomwepo amayenera kupikisana ndi magalimoto m'mphepete mwa msewu kuti akafike.

Tisaiwalenso kuti kuyendako pakokha ndi mankhwala, ndipo umboni wake ndi wolimba kuposa wa masingano. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zosapanikiza, monga kuyenda mwandawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumathandizanso thupi kudziwa nthawi yogona ndi yodzuka. Amene amayenda mphindi 15 popita ndi zina 15 pobwerera, katatu pa sabata, wapeza kale mphindi 90.

Komabe pali malire amene obaya masingano oona mtima amawanena okha. Kusowa tulo kwa miyezi kuli ndi chithandizo chotsimikizika chotchedwa CBT-I, chimene chimaphunzitsa munthu kusintha zizolowezi ndi maganizo ake pa nkhani ya kugona, ndipo mu 2016 bungwe la American College of Physicians linati madokotala aziyambira chimenechi asanapereke mapilitsi. Amene amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, amene wataya chilakolako cha chilichonse, kapena amene akuganiza zodzipha, akufunika dokotala, osati kanjere pakhutu. Singano iyenera kukhala yatsopano nthawi zonse. Chicherewecherewe cha khutu sichilandira magazi ambiri, choncho chikalowa tizilombo chimavuta kupola ndipo khutu likhoza kupunduka. Khutu likatupa, kufiira ndi kutentha patapita tsiku, munthu athamangire kuchipatala. Amayi oyembekezera ndi amene akumwa mankhwala osungunula magazi azinena asanabayidwe.

Mkangano umene ulipo lero ku America ndi wa amene ayenera kuloledwa kugwira timasinganoti. Maphunziro a NADA amatenga maola pafupifupi 70, pamene digiri ya acupuncture imatenga zaka zitatu kapena zinayi ndi ndalama zankhaninkhani. Zigawo zina zimalola anamwino, alangizi ndi ogwira ntchito zothandiza anthu kubaya malo asanu okhawo akamaliza maphunziro afupiwo. Zigawo zina zimakana, ndipo kawirikawiri otsutsa amakhala mabungwe a akatswiri a digiri, amene amati akuteteza odwala. Kumene malamulo amalola, chipinda chotere chimatha kutsegulidwa m'holo ya tchalitchi kapena m'nyumba yogona anthu osowa pokhala. Kumene amakana, wofuna thandizo amayenera kukasaka katswiri kutali ndi kwawo, ndipo a Rohleder ndi anzawo akhala akupita kunyumba za malamulo za zigawozo kukapempha kuti zimenezi zisinthe.